Funsani Alangizi: Mwana Akamaiwala Mawu Amene Anawerenga Dzulo

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno akunena za ana amene nzeru zawo palibe amene amazikayikira, koma akuvutika kuwerenga, makamaka timawu tifupitifupi timene timapezeka pafupifupi mu mzere uliwonse wa buku. Monga mwa nthawi zonse, mayina a amene atilembera sitiwatchula.

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 9 ndipo akubwereza Sitandade 3. Masamu a pamtima amakhoza, ndipo nthano akaimva kamodzi amaifotokoza yonse osasiyako kanthu. Aphunzitsi ake anatipatsa mndandanda wa mawu a Chingerezi oti aloweze, monga "the", "said", "was" ndi "they", koma ngakhale tiwabwereze mpaka usiku, kukacha amakhala ngati sanawaonepo. Bambo ake akuti ndi ulesi ndipo ayamba kumukwapula. Mnzanga wa ku tchalitchi wandiuza kuti mwina ndi vuto la kuwerenga lotchedwa dyslexia. Kodi ndichite chiyani? Ndine mayi wa ku Mchinji.

YANKHO: Mayi, choyamba mukhale pansi ndi bambo a mwanayo ndi kuwapempha kuti mkwapulo auike pambali, chifukwa mwana amene amasunga nthano yathunthu m'mutu, n'kumalimbana ndi mawu anayi mpaka usiku, si waulesi. Mwana akakwapulidwa chifukwa cha buku amayamba kudana ndi bukulo, ndipo chidani chimenecho chimatenga nthawi yaitali kuchichotsa kuposa vuto la kuwerenga lenilenilo.

Zimene mwafotokozazi zinadziwika kalekale. M'chaka cha 1896, dokotala wa ku England dzina lake W. Pringle Morgan analemba m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal za mnyamata wa zaka 14 amene anali wochangamuka ndiponso wokhoza masamu, koma ankalakwitsa kulemba ngakhale dzina lake lomwe. Mphunzitsi wake ananena kuti mnyamatayo akanaposa anzake onse pasukulupo maphunziro akanakhala a pakamwa pokha. Madokotala a nthawi imeneyo ankaganiza kuti vuto lili pa kaonedwe ka mawu, koma kafukufuku wa zaka zotsatira waonetsa kuti gwero lake lalikulu ndi maliwu. Mwana wa dyslexia amavutika kumva kuti mawu amodzi apangidwa ndi timaliwu tingapo totsatana, ndipo chifukwa cha ichi amavutikanso kulumikiza liwu lililonse ndi lembo lake. Vutoli limayenda m'mtundu, kotero mungakumbukire ngati kwanu kapena kwa bambo ake kunali munthu wanzeru zake amene sukulu inamukanika pa kuwerenga. Bungwe la British Dyslexia Association limati pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse ali ndi vutoli, ena pang'ono, ena kwambiri.

Komabe dyslexia satsimikizira pa kalata. Mupite naye kaye ku chipatala akamuone maso ndi makutu, makamaka ngati ankatuluka mafinya m'khutu ali wamng'ono, chifukwa mwana amene samva bwino amasokonezanso maliwu. Ganiziraninso ngati anajomba nthawi yaitali mu Sitandade 1 kapena 2, pamene anzake ankaphunzira malembo. Zimenezi zikakhala kuti zili bwino, pemphani a hedi kuti akulumikizeni ndi mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale amene amapezeka ku likulu la aphunzitsi (TDC) la m'dera lanu, angakuuzeni sukulu yapafupi imene ili ndi mmodzi wa iwo. Musadikire zotsatira za zonsezi kuti muyambe kumuthandiza, pakuti njira imene ndifotokoze pano sipweteka mwana aliyense.

Aphunzitsi sanalakwe posankha mawuwo. Mndandanda wotchuka wa mawu otere unakonzedwa mu 1936 ndi Edward Dolch wa ku America, ndipo uli ndi mawu 220. Wina, Edward Fry, anakonza wa mawu 1,000, ndipo anawerengetsa kuti mawu 100 oyambirira pa mndandanda wakewo amapanga pafupifupi theka la zonse zimene munthu amawerenga m'Chingerezi. Mwana amene amadodoma pa "the" ndi "of" amadodoma kangapo mu mzere uliwonse, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Pamene palakwika ndi pa njira yake. Anthu ambiri amaganiza kuti mawu amenewa ayenera kulowa m'mutu ngati chithunzi, mwa kungowayang'ana kambirimbiri. Katswiri wa za kuwerenga Linnea Ehri anaonetsa kuti mawu amakhazikika m'mutu pamene wowerenga walumikiza malembo ake ndi maliwu amene akuwamva m'mawuwo. Ana ambiri amachita zimenezi okha osadziwa n'komwe, atangokumana ndi mawuwo kangapo. Mwana wanu sangazichite yekha, ndipo ntchito yanu ndi kumuchititsa poyera zimene anzake amachita mwakachetechete.

Tengani mawu akuti "said". Musayambe ndi kumuonetsa kadi. Atchuleni inuyo momveka bwino, muwaike m'chiganizo chachifupi chimene iye akudziwa tanthauzo lake, kenaka mumufunse kuti akumva maliwu angati. Alipo atatu, s, e ndi d. Pa liwu lililonse limene watchula akankhe chitsekerero cha botolo chimodzi patebulo, kuti aone ndi maso ake kuti maliwu atatu ndi zitsekerero zitatu. Lembani s pansi pa chitsekerero choyamba ndi d pansi pa chomaliza, ndipo mumuuze kuti malembo awiriwa akuchita zimene amachita nthawi zonse. Chatsala ndi chapakati, pamene khutu likumva e koma cholembedwa ndi ai. Malembo awiri amenewo muwalembe ndi cholembera chofiira kapena muwazungulize, ndipo mumuuze mosabisa kuti pamenepo pokha ndi pofunika kuloweza. Poyamba ankayesa kusunga malembo anayi opanda dongosolo, koma tsopano watsala ndi kachigawo kamodzi. Mawu akuti "was" muwachite chimodzimodzi: w alibe vuto, koma a akumveka ngati o, ndipo s akumveka ngati z.

Akatha pamenepo, awalembe ndi chala pamchenga kapena ndi khala pakatoni uku akutchula liwu lililonse, kenaka mufufute kapena muphimbe, awalembenso osaonera, n'kuyerekeza yekha ndi zimene zili pa kadi. Kugwiritsa ntchito maso, makutu ndi dzanja nthawi imodzi ndi njira imene inatchuka ndi dokotala Samuel Orton ndi mphunzitsi Anna Gillingham ku America m'zaka za m'ma 1930. Ine ndimaiyamikira chifukwa imachititsa mwana kuchedwa pa lembo lililonse m'malo mongolota, koma musaganize kuti mphamvu ili mu mchengawo. Chimene chimathandiza ndi kutsata dongosolo, kutchula maliwu, ndi kubwereza. Pomaliza penipeni awerenge mawuwo m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zimene mawu ake ena onse amawadziwa kale. Izi n'zofunika kwambiri pa mawu monga "the" ndi "of", amene alibe chinthu chimene mungamuloze, ndiye nthawi zonse aziyenda ndi anzake, monga "the dog" kapena "a cup of tea".

Palinso msampha wina umene umakola ana athu okha. Mwana amene anayamba ndi Chichewa amadziwa th wa mu thumba ndi ph wa mu phala, ndipo akafika pa "the" kapena "phone" amatenga maliwu omwewo. Amadziwanso kuti maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu (a, e, i, o kapena u), n'chifukwa chake "said" amawatchula kuti sedi ndipo nthawi zina amalemba i kumapeto. Musamuuze kuti walakwa basi. Muuzeni kuti m'Chichewa akanakhoza, koma Chingerezi chili ndi lamulo lina pa malembo omwewo, ndipo mumuonetse lilime lanu likutuluka pang'ono pakati pa mano potchula "the".

Za kuchuluka kwake, mawu atsopano atatu pa sabata ndi okwanira poyamba, ndipo mphindi 10 tsiku lililonse, makamaka masana asanatope, zimapindula kuposa maola awiri Loweruka. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Dulani timakadi pa katoni ndi kukonza maenvulopu atatu. Mu yoyamba muike mawu atsopano owerenga tsiku ndi tsiku. Mawu amene wawawerenga mosadodoma masiku atatu otsatana apite mu yachiwiri, yowerenga kawiri pa sabata, ndipo akakhazikika apite mu yachitatu, yowerenga mwa apo ndi apo. Akaphonya mawu ena, abwerere mu envulopu yoyamba popanda kukalipa, chifukwa kuiwala ndi mbali ya vuto lake. Pomufunsa, sakanizani makadi awiri atsopano ndi ena 8 amene akuwadziwa kale, kuti azikhoza kambiri kuposa kulephera. Mawu ofanana maonekedwe, monga "was" ndi "saw", kapena "of", "for" ndi "from", musawaphunzitse sabata imodzi. Mukafotokozere aphunzitsi ake mwaulemu zimene mukuchita, ndipo muwapemphe kuti azimuyesa pa mawu ochepawo m'malo mwa mndandanda wonse.

FUNSO: Alangizi, ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kumudzi, ndipo m'kalasi mwanga muli ophunzira oposa 100. Alipo asanu kapena asanu ndi mmodzi amene amatchula nawo maphatikizo tikamawerenga tonse pamodzi, koma ndikawaimika payekhapayekha sangawerenge ngakhale mawu akuti koma. Kodi m'Chichewa mulinso mawu oyenera kuloweza monga muja timachitira ndi Chingerezi? Ndine mphunzitsi wa ku Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, yankho lalifupi ndi lakuti ayi. Kalembedwe ka Chichewa n'kokhulupirika: malembo a liwu alipo asanu, ndipo a wa mu amayi ndi yemweyo wa mu ana kapena mu chimanga. Mawu monga ndi, kuti, koma, ngati, kapena ndi chifukwa amawerengeka onse mwa kuphatikiza maliwu, ndipo mwana amene mwamuloweza mawuwa ngati zithunzi mwamumana chida chimene chikanamutsegulira mawu ena zikwizikwi. Chimene mukufuna ndi chakuti awawerenge mwa kuphatikiza kambiri mpaka ayambe kuwazindikira msanga, osati kulumpha kuphatikizako.

Izi sizitanthauza kuti dyslexia kulibe m'Chichewa. Mu 2001, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Eraldo Paulesu linafalitsa m'magazini ya Science zimene linapeza poyerekeza anthu a dyslexia a ku England, France ndi Italy. A ku Italy, amene chilankhulo chawo chimalembedwa monga chimatchulidwira, ankawerenga molondola kuposa anzawo enawo, koma zithunzi za ubongo zinaonetsa vuto lofanana mwa onse. M'zilankhulo za kalembedwe kokhulupirika, vutoli limaonekera kwambiri pa kuchedwa. Mwana amafika pa mawu olondola, koma movutikira, phatikizo ndi phatikizo, ngakhale pa mawu amene wakumana nawo tsiku lililonse kwa chaka chathunthu. Kuwerenga kwa onse pamodzi kumabisa ana otere, chifukwa amangotsatira pakamwa pa anzawo, ndipo mwachita bwino kuwaimika payekhapayekha, ngakhale ndikupempheni kuti muzichita zimenezi pambali osati pamaso pa kalasi yonse.

Malo amene amapunthwa m'Chichewa ndi odziwika. Oyamba ndi pa lembo la h limene limasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola, tumba ndi thumba. Auzeni aike chikhatho patsogolo pa kamwa ndi kutchula mawu awiriwo motsatana. Pa phala adzamva mpweya ukuwomba dzanja, ndipo mudzawauza kuti mpweya umenewo ndiwo timaulemba ndi h. Achiwiri ndi pa kusiyana kwa ng' ndi ng, monga mu ng'oma yoimba ndi ngoma ya kutchire, pamene kachizindikiro kakang'ono kakusintha mawu onse. Achitatu ndi pa malembo atatu kapena anayi otsatana, monga mu nkhuku, mphaka, nthochi ndi ntchito. Pamenepa mangani pang'onopang'ono, kuchoka pa ku kupita pa khu, n'kufika pa nkhu, ndipo musapitirire mpaka sitepe iliyonse itakhazikika. Omaliza ndi pa aneni athu aataliatali. Mwana amene amawerenga ona mosavuta amachita mantha ndi sindinawaone, ndipo amangotchula chiyambi n'kulota zotsalazo. Lembani maphatikizo si, ndi, na, wa, o ndi ne pa timakadi tosiyana, awayale yekha, kenaka asinthe ndi n'kuikapo ti kapena asinthe wa n'kuikapo mu, amve mmene tanthauzo likusinthira. Tizigawo timeneti timabwera mobwerezabwereza m'Chichewa kuposa mawu aliwonse oima paokha, ndipo ndi timene tiyenera kuzindikirika msanga.

Ndikudziwa kuti ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, ili ndi liwiro lake limene simungaliimitse chifukwa cha ana asanu ndi mmodzi. Chimene mungathe ndi kuwakhazika kutsogolo, ndi kupatula mphindi 10 pamene ena akulemba kuti mubwereze nawo maphatikizo a masabata a m'mbuyo pogwiritsa ntchito zipangizo zophunzitsira zopezeka m'dera lanu (TALULAR) zimene muli nazo kale. Kagulu kameneka kadzakuthandizaninso kusiyanitsa. Ana amene anangotsalira chifukwa cha kujomba kapena kukhala kumbuyo kwa kalasi yodzaza adzathamanga pakangopita masabata ochepa. Amene adzakhale akuvutikabe teremu itatha, ngakhale amabwera tsiku lililonse, ndi amene muyenera kukawatula kwa mphunzitsi wa maphunziro apadera.

FUNSO: Alangizi, mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 6 amalemba b pamene pafunika d. Munthu wina wandiuza kuti kunja kuli magalasi a mitundu amene amachiza vutoli, ndipo ndikuganiza zopempha amalume ake amene ali ku Johannesburg kuti atitumizire. Kodi ndi zoona? Ndine agogo a ku Ndirande.

YANKHO: Agogo, ndalama za amalume akewo zisungidwe, kapena agule timabuku ta nthano. Mu 2009, mabungwe a madokotala a ana ndi a maso ku America, kuphatikizapo American Academy of Pediatrics, anatulutsa chikalata chimodzi chonena kuti palibe umboni wokwanira wakuti magalasi a mitundu kapena masewera olimbitsa maso amachiza dyslexia. Ngati mwana amatsinzina kapena kuyandikiza buku kumaso, akapimidwe maso ku chipatala, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kutembenuza malembo pa msinkhu wa zaka 6 n'kofala kwambiri, ndipo ana ambiri amasiya okha pofika zaka 7 kapena 8. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira ali khanda mwana waphunzira kuti mpando ndi mpando ngakhale uyang'ane kumanja kapena kumanzere, ndipo malembo ndi zinthu zoyamba pa moyo wake zimene zimasintha dzina zikatembenuka. Muthandizeni pophunzitsa lembo limodzi lokha mpaka likhazikike. Yambani ndi b: polemba ayambe ndi ndodo kutsika pansi kenaka mimba, ndipo potchula aone kuti milomo ikutsekeka. Patapita masabata angapo mubweretse d, amene amayamba ndi mimba kenaka ndodo, ndipo potchula lilime limagunda kuseri kwa mano milomo ili yotsegula. Pamenepo mungamupatse mawu monga bala ndi dala kuti awasiyanitse. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa si kutembenuzako pakokha, koma ngati akulephera kukuuzani liwu loyamba m'mawu akuti mayi kapena fisi, kapenanso ngati sangathe kuomba m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lake.

FUNSO: Alangizi, tikukhala ku England ndipo mwana wathu wa zaka 7 sanakhoze mayeso a maliwu a kumapeto kwa Year 1. Sabata iliyonse amabwera ndi mawu oti aloweze ndipo amalira. Achibale ena akuti vuto ndi lakuti kunyumba timamulankhula Chichewa. Kodi tisiye? Ndine bambo wa ku Leeds.

YANKHO: Bambo, musasiye. Kulankhula zilankhulo ziwiri sikuyambitsa dyslexia, ndipo mwana amene ali nayo adzakhala nayobe ngakhale mutamulanda Chichewa. Chimene chidzasinthe n'chakuti sadzathanso kucheza ndi agogo ake pa foni. Mayeso amene mukunenawo anayamba mu 2012 ndipo ali ndi mawu 40, theka lake mawu opeka opanda tanthauzo. Anawakonza choncho dala kuti aone ngati mwana amatha kuphatikiza maliwu popanda kudalira kuloweza kapena kuchuluka kwa mawu a Chingerezi amene akuwadziwa, ndipo mwana amene sanakhoze amayesedwanso mu Year 2. Kulephera kwake kukusonyeza kuti chofunika kulimbikitsa ndi maliwu, ndiye njira ya zitsekerero ndi cholembera chofiira imene ndafotokozera mayi wa ku Mchinji ikukhudzanso inu.

Sukulu za boma kumeneko zimakhala ndi mphunzitsi woyang'anira ana ofunika chithandizo chapadera, amene amamutcha SENCO. Pemphani kukumana naye, ndipo mupite mutalemba zimene mwaona: mawu amene mwana amaiwala, nthawi imene amatenga pa ntchito ya kunyumba, ndiponso ngati m'banja mwanu muli wina amene anavutikapo chimodzimodzi. Mumuuzenso ngati mwanayo anachedwa kulankhula kapena amasokoneza maliwu m'Chichewa momwe, chifukwa vuto likamaoneka m'zilankhulo zonse ziwiri sukulu singalitenge ngati la kusadziwa Chingerezi chabe. Funsani dzina la ndondomeko ya maliwu imene sukuluyo imatsata, kuti zimene mukuchita kunyumba zizigwirizana ndi za m'kalasi, ndipo pemphani kuti mawu a sabata iliyonse achepetsedwe kufika pa atatu kapena anayi mpaka mudzakumanenso ndi SENCO kumapeto kwa teremu.